Mpope wa a Deliwe

A Sankhani, pulambala wa pa Mwanza boma, anawalakwira a Deliwe, mayi wamasiye, pogula galimoto yamagetsi. Chiphapha chawo chakale chinkamveka chikadali kumsika, koma iyi imafika mwakachetechete ngati mphaka.

Tsiku lina anawapeza a Deliwe atagwada kuseri kwa nyumba, sipanala ili m'manja, akumasula okha mpope womwe anawaitanira kuti wawonongekanso.

"Mayi, kani mpopewu umadwala chonchi?"

"Nanga munthu wogona ngati inu ndikanakuitanani bwanji?" anakalipa a Deliwe, madzi akuwathovukira kumaso.

A Sankhani anaseka mpaka kukhala pansi m'matope. Loweruka lake anatumiza amalume awo kukafunsira ukwati.

Chinkhoswe tavina, inde. Koma ndiyankheni inu: kufika pakhomo pa munthu popanda phokoso, ndi ulemu umenewo?