Uvuni wa pa Ngalande

Mayi wa buledi sanalote umeya ali mtsikana, ayi. Mtima wofuna kutumikira mzinda anautengera kwa azakhali ake, mayi wamfupi wouma ngati chikuni, amene anagwira ntchito yoyendera zaukhondo mumzinda zaka makumi atatu osadyapo kangachepe ka munthu. Azakhaliwo anatsekapo butchala ya mchimwene wawo weniweni, bambo ake a mayi wa buledi, atapezamo nyama yonunkha. Anthu amati khoswe akakhala pa mkhate sapheka, koma iwo anaphwanya ndi mkhate womwe.

Nkhani imeneyi mayi wa buledi ankaifotokoza pamsonkhano uliwonse mpaka anthu anailoweza. Ndiye pafomu ya omuvomereza kuti apikisane, mzere woyamba anausungira azakhali. Fomuyo inkayenera kukaperekedwa Lachisanu dzuwa lisanafike pamutu, ndipo iye analumbira kuti popanda dzina limenelo sakaipereka.

Lachitatu azakhali anabwera kubekale. Mayi wa buledi anawayalira mpando, nawathirira tiyi wamkaka, koma kapuyo sanaikhudze n'komwe. Iye anazindikira msanga tanthauzo lake. Banja lonse linkadziwa kuti azakhali salawa kanthu pamalo pamene akuyendera. Anayang'ana kudenga, anasuzumira kuseri kwa matumba a ufa, anazungulira uvuni watsopano wanjerwa kawiri konse, kenako anati fomuyo aiona tsiku lina.

Amuna a mayi wa buledi ndiwo anathira mafuta pamoto. Anati mawa lake anawaona ndi maso awo azakhaliwo akulowa ku ofesi ya khonsolo, chipinda choyandikana ndi cha meya amene analipoyo, ndipo anatulukamo patapita maola awiri. Munthu wopuma ntchito akafunako chiyani? Anati ukalamba umafewetsa, ndipo palibe munthu wopanda mtengo wake. Mayi wa buledi anawakalipira, koma mawuwo anamulowa. Anayamba kukumbukira zinthu zopanda pake: nsapato zatsopano za azakhali, magalasi atsopano. Zinamuwawa, ndipo anachita manyazi kuti zikumuwawa.

Lachisanu m'mawa azakhali anatulukiranso, buledi woyamba akungophulidwa kumene. Mayi wa buledi sanathenso kudzigwira, anawafunsa pamaso pa antchito.

"Azakhali, ndiuzeni zoona. Kukhonsolo munakatani? Akutumani?"

Azakhali sanakwiye. Anangomugwira dzanja ngati mwana, napita naye kuseri kwa uvuni. Analoza pansi. Khoma la uvuniwo linakhala pamwamba penipeni pa ngalande ya mumsewu, ndipo madzi akuda anali atadikha, akubwerera kulowera kunyumba za kumunsi.

Anati kukhonsoloko anapita kukaona fayilo ya uvuniwo, chifukwa sanamvetse kuti ndi woyendera uti analoleza zoterezi. Anapeza kuti palibe anabwera kudzayendera. Kalaliki amene anadinda chilolezo anawauza mosangalala, poganiza kuti akuwayamikira, kuti bambo wa kubekale anangotchula kuti mkazi wake ndi mwana wa mchimwene wawo. Aliyense mu ofesimo anati kubanja limenelo kulibe chokayikitsa, nadinda osadzuka pampando.

"Dzina langa sindinaligulitse zaka makumi atatu," anatero azakhali. "Amuna akowa anakaligwiritsa ntchito mphindi zisanu."

Mayi wa buledi anacheukira amuna ake. Bambo uja, wa pakamwa pja, anali atapeza ntchito yofunika kwambiri yopukuta thireyi youma kale. Koma naye mayiyo sakanadziyeretsa. Chilolezo chitatuluka tsiku limodzi, anadabwa ndithu, koma anasankha kusafunsa chifukwa uvuni unkafunika.

Anayesa kupempha. Anati akangopambana adzaugwetsa yekha, adzamanga wina kutsogolo, pakuti uvuni umenewu ndi umene ukudyetsa mabanja asanu ndi limodzi. Azakhali anapukusa mutu.

"Ukapambana, mwana wa achimwene, odzakuyendera adzakhala antchito ako. Ndani adzalimbe mtima? Uvuniwu ugwe lero, ukadali munthu wamba."

Nthawi inali itakwana teni koloko. Mtanda wina unali utafufuma m'mabeseni, ukudikira kulowa. Antchito anaima chilili, manja ali mbuu ndi ufa, akuyang'ana bwana wawo. Mayi wa buledi anatenga fosholo yekha, natulutsa makala onse mu uvuni, nawathira madzi, misozi ikutsika limodzi ndi thukuta. Anatuma amuna ake kukabwereka nyundo zazikulu, ndipo anawauza kuti yoyamba kumenya ikhala ya iwowo.

Azakhali anavala magalasi, nasayina fomuyo pang'onopang'ono atatsamira thumba la ufa. Mayi wa buledi anadikira kamawu kamodzi kokha komuyamikira, kamene anakhala akukafuna chiyambire ali mwana.

Azakhali anatseka cholembera, nati abweranso Lolemba kudzaona ngati madzi akuyenda.