Pomwe Mudzi Umathera

Ku Kamisawa kuno tili ndi mwambo woperekeza tizilombo. Mpunga ukatsala pang'ono kutulutsa ngala timamanga chidole cha mapesi, n'kuyenda nacho m'milambala ya minda ndi ng'oma ndi mabelu, tikuimba kuti tizilombo tonse titsate chidolecho. Tikafika pa mlatho, pomwe mudzi umathera, timachiponya mumtsinje. Zoti anthu a kumunsi zimawathera bwanji, sitinafunsepo. Ine Tokuji ndanyamula chidole chimenechi zaka makumi atatu, chifukwa ndine wamtali, osati chifukwa ndine wabwino.

Munda womaliza usanafike pa mlathopo unali wa mayi Numata, amasiye. Wotsatira chakumtunda kwake ndi wanga. Mayiwa anabwera kudzakwatiwa kuno kuchokera kumwera zaka makumi anayi zapitazo, koma tinkawatchulabe kuti "akumwera aja". Amuna awo atamwalira ndi matenda a m'mapapo, anakana kuti kandege ka gulu la alimi kazipopera mankhwala m'munda mwawo. Tinkangoti zawo izo. Mundawo ndi chinthu chokhacho chimene malemu anawasiyira, ndipo ankausamala ngati khanda.

Kenako kunabwera tobiriwira. Tizilombo tonunkha tinalipo kale, tofiirira, tochepa, tosadetsa nkhawa. Koma iti tinali tachilendo, tonenepa ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Ntchito yake kuyamwa mpunga ukadali mkaka, njere n'kutsala ndi kadontho kakuda. Chaka chimenecho mpunga wa mudzi wonse unatsika giredi. Munthu wa ku Kamisawa mutha kumutukwanira amayi ake n'kukukhululukirani, koma osati kumuuza kuti mpunga wake ndi wachiwiri.

Pamenepa ndiulule changa. Udzu wa m'milambala umamwetedwa kukadali masabata awiri mpunga usanatulutse ngala. Ukachedwa, umachotsa tizilombo mu udzu n'kutikankhira mu mpunga. Chaka chimenecho msana unandigwira, ndinachedwa masiku khumi, ndipo ndinamweta mobisa m'mamawa. Anandiona munthu mmodzi yekha, mayi Numata. Anangondipatsa moni, osauza wina aliyense.

Mu Januwale, pakati pa nyengo yathu yachisanu, pa msonkhano wa gulu, mayiwa anaimirira n'kuika botolo patebulo. M'katimo munkayenda tobiriwira tisanu.

"Taonani anthuni," anatero. "Ndatipeza pansi pa masamba a kabichi, tamoyo, mwezi uno. Kwathu ndinkationa ndili mwana. Kuno kale tizilombo timeneti sitikanatha kukhala, chisanu chikanatipha tonse. Koma tandiuzani, ndi liti pomwe chipale chofewa chinagona pansi sabata yathunthu? Nyengo yafunda. Kupopera kokha sikutithandiza, tiyeni tisake momwe tikubisala."

A Kuramochi, wapampando wathu, munthu woseka ndi mano okha, ananyamula botolo lija n'kuliyang'ana pa kuwala kwa zenera.

"Ohoo! Ndiye kuti mukuweta? Mumatidyetsa chiyani mayi, kuti tinenepe chonchi?"

Anthu anayamba kuseka. Ine mtima unali m'mwamba, kuopa kuti mayiwa akapsa mtima atchula za udzu wanga. Ndiye ndinawapita kutsogolo.

"Musawavutitse," ndinatero mokweza. "Ndi abale awo amenewo, awalondola kuchokera kumwera!"

Nyumba yonse inagwa ndi phwete. Mayi Numata anatenga botolo lawo, anawerama pang'ono monga mwa ulemu, n'kutuluka. Ndinamva kukoma tsiku limenelo, sindinama.

Julaye atafika tinamanga chidole monga mwa nthawi zonse. Dzuwa linali likuswa mtengo ngakhale linali litapendeka, ndipo thukuta linkandilowa m'maso. Popeza munda wawo unali womaliza, chaka chilichonse mayi Numata ankatidikira pa mlambala ndi ketulo ya tiyi wozizira ndi makapu. Analipo tsikulo, atavala chipewa cha malemu.

A Kuramochi anakweza dzanja, ng'oma n'kuleka.

"Pano, Tokuji."

"Mlatho uli apo, apampando," ndinatero.

"Ndauona mlathowo. Koma mudzi wathera pano. Ponya."

Palibe amene anatsutsa. Anthu makumi awiri, ena amene mayiwa anawasambitsira ana, onse anangoika maso pa zala za kumapazi. Ndinaponya. Chidole chinagwera pakati pa munda, n'kugonetsa mpunga malo okwana mphasa ziwiri.

Mayi Numata sanalire, ndipo zinandinyansa kuti sanalire. Anathira tiyi m'kapu imodzi n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Mwatopa a Tokuji. Msana uja uli bwanji chaka chino?"

Kapuyo sindinailandire.

Zotsatira zake sanachite kulamula munthu, zinangoyenda zokha. Munda umene uli kunja kwa mudzi sukhala ndi tsiku lake la madzi a mu ngalande. Chikalata cha mauthenga chimene chimayenda khomo ndi khomo chinayamba kudumpha nyumba yawo. Mu Ogasiti, mpunga ukufuna madzi kwambiri, m'munda mwawo nthaka inang'ambika. Ndinkawaona akutunga kumtsinje ndi ndowa ziwiri, mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi ziwiri, kuthirira munda wonsewo ngati dimba la anyezi. Kachitseko kotsegulira madzi kali pa ngodya ya munda wanga. Mkazi wanga Fumie anandiuza kuti, "Bambo, kungokweza kathabwa kokhako, mkono uthyoka?" Ndinamuyankha kuti asamale za kukhitchini.

Mpunga wawo unauma uli chiimire. Mu Okutobala mwana wawo wamkazi anabwera ndi galimoto kuchokera mumzinda, anawatenga. Sanatsanzike munthu. A Kuramochi anati tsopano tipuma.

Chisanu cha chaka chimenecho chinali cha dzina lokha. Pa Chaka Chatsopano tinapita kukachisi majekete ali m'manja. Munda wa mayi Numata unamera udzu wofika m'chiuno, ndipo panalibe womweta, poti ndani amweta kunja kwa mudzi? Pofika Juni, ukagwedeza udzuwo tobiriwira tinkagwa ngati mtedza wokhuthuka m'thumba. Kandege kanapopera kawiri, tina tinafa, tina tinabwera. Munda woyamba kuulowa unali wanga. Ndinamweta milambala yanga pa nthawi yake, kawiri konse, koma anthu odutsa ankatseka mphuno n'kumayang'anizana.

Ku sitolo ndinamva wina akuti, "Kodi paja agogo ake a Tokuji anachokera kuti?" Ndinaseka nawo, koma ndinaseka ndekha.

Linafika tsiku la chidole. Ndinachinyamula monga kale, ng'oma pambuyo, mabelu m'mbali. Tikutsika mlambala womaliza ndinaona Fumie ataima pa ngodya ya munda wathu. Osauzidwa ndi munthu, anaona kuti poti munda womaliza wolimidwa tsopano ndi wathu, tiyi uja ndi udindo wake. Anali atatsuka makapu makumi awiri, atawayala bwinobwino pa thireyi, akumwetulira.

Ndinayesa kufulumira kuti tidutse msanga, koma ng'oma inali italeka kale.

"Pano, Tokuji," anatero a Kuramochi.

"Apampando, ine ndinabadwira muno. Bambo anga anakumba nawo ngalande imeneyi."

"Tikudziwa, achimwene, tikudziwa. Palibe akukana. Ponyani, anthu atopa."

Ndinayang'ana anzanga. Maso onse anali pa zala za kumapazi. Ndinayang'ana mpunga wanga, umene unali utangoyamba kutupa mimba. Zaka makumi atatu ndakhala ndikuponya pomwe andiuza, ndipo mkono unachita zomwe unazolowera.

Anthu anabwerera kumudzi mwakachetechete, ng'oma ili kukhwapa. Fumie anakhuthulira tiyi yense mu ngalande, n'kuyamba kusanjikiza makapu ake ouma.