Kabanga ka Pakati pa Galasi

Wiebe anatsuka mawindo a anthu mumzinda wa Leeuwarden kwa zaka makumi anayi, moti ngakhale atapuma pantchito, galasi lakuda linkamusowetsa mtendere. Masana ena mkazi wake, Tjitske, anamupeza ataweramira kompyuta, botolo la mankhwala otsukira mawindo lili kumanja.

"Bambo inu, mukufuna muiphe?" anakuwa Tjitske. "Mankhwalawo amawononga galasi lotere. Si windo la kugolosale ili!"

"Iwe undiphunzitse ine kutsuka galasi? Pali kabanga pakati apa. Dzulo ndikucheza ndi mwana wathu Femke pakompyutapa, kanakhala pamphuno pake penipeni."

Mwamuna wamakani ameneyu Tjitske ankamukonda ndi makani ake omwewo. Anamulanda botolo lija, n'kuzimitsa kompyuta kuti izizire. Kenako anatenga kansalu kofewa kopukutira magalasi a m'maso, n'kudonthezerapo timadzi, ndipo anayamba kupukuta pang'onopang'ono, osadinikiza.

"Ukuisisita ngati mphaka," anadandaula Wiebe.

"Ndiye imafuna choncho. Taonani tsopano."

Wiebe anasuzumira. "Kakadalipo."

Tjitske anayang'ana kutsogolo, anayang'ana chammbali, mpaka anatembenuzira kompyutayo kuwindo. Galasi linali mbee, lopanda ngakhale kafumbi. Apa m'pamene mantha anamugwira, chifukwa anazindikira kuti vuto silinali pakompyuta. Bambowa chuma chawo chonse chinali maso, ndipo iye sankadziwa kuti awauza bwanji.

Anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana naye. "Tatsekani diso lakumanzere. Mundiyang'ane ine."

"Zamasewera basi," anatero Wiebe, komabe anatseka. Atamuyang'ana, makani onse anamuthera.

"Kali kuti tsopano?" anafunsa Tjitske motsitsa mawu.

"Patsaya pako."

"Mawa mmawa tiimbira dokotala wa maso. Njinga muisiye kaye, tikakwera basi, ndipo musayambe kunditsutsa."

Wiebe sanatsutse. Anakweza dzanja lake lokhakhala lija n'kuyamba kupukuta tsaya la mkazi wake ndi chala chachikulu, pang'onopang'ono, ngati kuti mwina mwake kangachoke.

"Sikakuchoka, Tjitske."

Tjitske anagwira dzanjalo n'kulikanikiza patsaya pomwepo.

"Kasiyeni, bambo. Ine ndili kuseri kwakeko, sindinapite kulikonse."