Mikate ya Bibiana pa Tsiku la Alendo

Bibiana ankaphika mikate mu uvuni wa dothi kuseri kwa nyumba yake ku Fíngoè, n'kumagulitsa pamsika pafupi ndi pomwe pamaima mamota, njinga zamoto zopita kokumba golide. Okumbawo ankaikonda chifukwa inali yolemera, munthu akadya umodzi ankafika nawo madzulo. Koma chitsegulireni loja, sitolo yatsopano pamsewu, imene inkalandira mikate ya m'mapulasitiki kuchokera ku Tete, dengu lake linayamba kubwerera kunyumba ndi zotsala.

Tsiku lina kunabwera alamu ake a Caetano, mng'ono wa malemu amuna ake, amene ankagwira ntchito ku bungwe lina lothandiza amalonda ang'onoang'ono.

"Alamu, mwayi wanu wafika," anatero a Caetano asanakhale n'komwe pansi. "Loweruka kukubwera alendo ochokera ku mzinda. Tikufuna kuuza anthu kuti azigula za kwathu konkuno. Inu ndiye chitsanzo chathu. Muphike yambiri, muvalenso kapulana, chitenje chanu chabwino chija."

"Yambiri bwanji? Ufa wa tirigu wakwera."

"Kudzakhala khamu. Simudzabwerera ndi umodzi womwe."

Bibiana anagulitsa mbuzi yake yaikazi n'kugula thumba lathunthu la ufa. Anaphika mpaka manja kutupa ndi moto, madengu onse a m'nyumba anadzaza, ena anachita kubwereka.

Loweruka anamukhazika patebulo la kutsogolo, pambali pa Carlota wosoka zovala ndi mkulu wina wa uchi wochokera ku Chiputo. Alendo anayankhula nthawi yaitali m'Chipwitikizi, a Caetano akumasulira. Ndalama za m'dera zitsale m'dera, anatero. Mayi wina wa magalasi ananyamula mkate umodzi wa Bibiana, anaununkhiza, anamwetulira kuti amujambule, kenako anaubwezera m'dengu n'kupukuta zala. Anthu anawomba m'manja. Bibiana nayenso anawomba.

Itakwana nthawi ya chakudya, anyamata a bungwe anatsitsa makatoni m'galimoto. Munali mafanta ndi mikate ya m'mapulasitiki, yogulidwa pa loja ya pamsewu ija. Aliyense amene anabwera analandira wake waulere. Anthu anadya n'kukhuta atatsamira tebulo la Bibiana lomwelo.

Bibiana anawapeza a Caetano kuseri kwa galimoto.

"Alamu, n'chiyani chimenechi?"

"Musakweze mawu. Malamulo a bungwe salola kugula chakudya chopanda chizindikiro ndi deti. Alendo akadwala m'mimba ndidzayankha ndine."

"Nanga osandiuza bwanji? Mbuzi yanga yapita."

"Koma dzina lanu lamveka, alamu. Mawa anthu adzakufunani okha."

Bibiana anawayang'ana. Munthu ameneyu anakulira pa mikate yake yomweyo ali pasukulu, ndipo sanadwalepo m'mimba.

Anasenza dengu limodzi n'kuyenda wapansi dzuwa lili paliwombo mpaka kumisasa ya okumba golide. Ambiri anali pansi m'maenje. Ochepa amene anawapeza anagula, wina wochokera kutali, wosadziwa bwino Chinyanja, anatenga iwiri n'kumupatsa madzi akumwa. Yotsalayo inauma m'madengu. Ina anagawira anansi, ina inachita nkhungu ndipo anaponyera nkhumba za eni ake. Carlota sanagulitse ngakhale siketi imodzi, ndipo mkulu wa uchi uja anabwerera ku Chiputo ndi zigubu zake zonse panjinga.

Bibiana analibenso chogulira ufa. Mvula itayamba, mbali imodzi ya uvuni inagumuka ndipo sanaikonze. Anayamba kuchapira zovala okumba golide kumtsinje.

Kumeneko ndi kumene a Caetano anamupeza mvula itatha, nsapato zawo zili m'manja.

"Alamu, alendo aja anakondwa nanu kwambiri. Akubweranso ndi anzawo. Akufuna kuona mmene malonda anu akulira."

Bibiana anapitiriza kumenya thalauzi pamwala.

"Ingophikani pang'ono chabe, yoti ioneke patebulo."

"Uvuni unagwa."

"Ndiye ndiwauza chiyani?"

"Muwauze m'Chipwitikizi. Mumachitha."

A Caetano anangofunsa ngati Lina wa zitumbuwa akadali kukhala kuseri kwa tchalitchi. Bibiana anawalozera njira ndi chibwano, n'kutola chovala china.