Kaudzu ka Tsache

Tikondane anathothola kaudzu kamodzi pa tsache n'kukhala pansi pafupi ndi mapazi a mayi ake, a Teleza. Linali Lamulungu masana, mvula ikuwaza pa malata a nyumba ya kampani.

Dzulo lake mayiwo anabwera kotchola tiyi jombo ya kumanzere itadzaza magazi. Chitsa cha tiyi chinaboola jomboyo n'kulowa m'chidendene, iwo osamva kanthu mpaka povula. Kwa zaka zambiri mapazi awo ankatentha ngati aponda makala. Kuchipatala ankati kachilombo ndi mankhwala akale otalikitsa moyo aja zinawononga mitsempha. Tsopano moto uja unali utazima, ndipo kuzimako n'kumene kunkamuopsa Tikondane.

Iye ankafuna apite ku kiliniki ya esiteti. Iwo ankakana, poti dokotala akangolemba kuti sangathenso ntchito, nyumba ija alanda. Ndiye anapangana kuti awayese mapaziwo ndi kaudzuko. Akamva, mawa apite kumunda. Akalephera, ku kiliniki.

"Zimenezi unaziphunzira ku koleji kuja?" anafunsa a Teleza.

"Eya. Ndinawerenga m'buku."

Tikondane anaphunzirako za ku labu, koyezera magazi ndi matenda, chaka chimodzi ndi theka. Atabwera ku maliro a bambo ake sanabwererenso. Chimene chinatsala m'mutu mwake n'chithunzi cha mbewa yoyera itaima pa waya. Anawafotokozera kuti akatswiri amabaya mbewa kachidutswa ka kachilombo, kapena mankhwala omwewa, mitsempha ya m'mapazi n'kuwonongeka. Kenako amaikhudza kuphazi ndi kaulusi kuti aone ngati ichotse mwendo. Ena amayesa pa anyani.

"Mbewa zomwe timaotcha zija? Zili ndi madokotala awoawo?" A Teleza anaseka mpaka kutsokomola. "Nanga osangofunsa anthu bwanji? Tilipo ambiri kuno, a Lilly a ku Nsabwe, a Fackson a pa sikelo ya tiyi."

"Mbewa sinama, amayi."

"Iwe, ukunditukwana?"

"Fundani kumaso."

Anadziphimba ndi chitenje. Tikondane anakhudza pa bondo.

"Ndamva."

Anakhudza pa katumba.

"Ndamva. Ukundigirigisha."

Anatsika mpaka pa chala chachikulu, n'kukanikiza mpaka kaudzu kanapindika. Kunali zii. Patapita kanthawi mawu anatuluka m'chitenje muja: "Ndamvatu."

Tikondane anakayikira. Anakweza dzanja, kaudzu kali m'mwamba osakhudza paliponse, n'kudikira. Ankangomva mvula ndi kupuma kwa mayi ake.

"Ndamva," anatero a Teleza. "Pa chala chaching'ono."

Tikondane anayang'ana mapazi aja, ong'ambika, dothi lofiira litakhazikika m'zikhadabo. Anaganiza za kiliniki. Anaganizanso za katundu wawo atamangidwa panja, ndi kwawo ku Changata kumene amalume anagawana kale munda wonse. Iye mwini analibe ntchito, analibe ngakhale pepala la sukulu loti n'kuonetsa munthu. Denga lomwe linkamuteteza ku mvulayo linali pa mapazi omwewa.

"Ndakhoza?" anafunsa mayi ake, osavundukula.

"Mwakhoza, amayi."

A Teleza anachotsa chitenje. Anayang'anana pang'ono, ndipo aliyense anathawitsa maso.

M'mawa mwake Tikondane anawatsuka bala ndi madzi a mchere, n'kulimanga ndi nsalu yomwe anang'amba ku malaya ake a ku koleji. Pobooka pa jombo anatsekapo ndi chidutswa cha tayala. Iwo anabereka dengu kumsana.

"Ukadzakumana nazo mbewa zako zija, udzazipatse moni," anatero.

Tikondane anaima pakhomo, kaudzu kaja kadakali m'thumba. Anawaona akutsetsereka kulowa m'mizere ya tiyi pamodzi ndi amayi anzawo. Bala linali lakuya moti chala chikanalowamo, koma iwo ankaponda mwamphamvu m'matope, osatsimphina n'komwe.