Chikwakwa cha Dzanja Lamanzere

Dzuwa linali litangotuluka, mame akadali mbuu, mkulu wina wokalamba atakhala pachitsa kuseri kwa nyumba, akunola chikwakwa ndi tupa. Sabata yonse ntchito inali yomweyi.

Mvula inagwa bwino chaka chimenecho. Udzu unafika m'chiuno, njira ya kuchimbudzi n'kutsala ngati ya mbewa. Mwana wawo wamkazi, namwino wa m'tauni, anali atawachenjeza pafoni: "Ndikadzapeza thengo pakhomo, mudzakwera nane basi. Njoka ingakulumeni muli nokha." Tsiku lobweralo linali lomweli, ndipo iwo za m'tauni sankazifuna n'komwe.

Chikwakwacho chinali cha malemu akazi awo. Cha mkuluyo chinathyoka mpini kalekale, chinkangochita dzimbiri padenga la khola. Koma cha malemuchi, ngakhale achinole chotani, chinkangoterereka. Udzu unkagona, n'kudzukanso ngati ukuwaseka.

"Basi, mikono yatha," anadziuza.

Namwino anatulukira ndi chikwama paphewa, n'kuima, manja m'chiuno.

"Bambo, mwayamba kuweta mikango?"

"Ndikusungira ng'ombe zimene unati udzandigulira."

Mwanayo anaseka, koma maso ake anali pa thengo. Anavula nsapato.

"Tabweretsani chikwakwacho kuno."

Anachigwira ndi dzanja lamanzere, nawerama. Udzu unangoti phwa, phwa, kugwa ngati tsitsi kwa wometa. Mkulu uja anatsegula pakamwa. Kaweramidwe kake, kaponyedwe ka mkono, zonse anazidziwa: zinali za malemu akazi awo. Anayang'ana kumbali, n'kutsokomola pang'ono.

Namwino anatembenuza chitsulocho, nayendetsa chala chachikulu m'mphepete.

"Bambo inu! Amayi ankanola mbali imodzi yokha, ya dzanja lawo lamanzere. Inu mwangotsata momwe anasiyira, n'kumamweta ndi lamanja. Chingadule bwanji?"

"Ndiye kuti sabata yonseyi ndimanolera amako?"

"Mwawanolera bwino zedi. Tichitembenuze, tinole mbali inayi?"

"Ayi, chisiye. Uzichipeza ukabwera."

Mkulu uja anakwera pampando, natsitsa chawo chadzimbiri chija. Pankhuni anasankha kanthambi kouma kokwana m'manja, nakasema ndi mpeni. Anatenthetsa mchira wa chikwakwa pamoto, naulowetsa mu mpini watsopanowo, utsi uli tolo. Tupa inachotsa dzimbiri. Mwana wawo ankangoonerera, manja atapinda, ngati akudikira wodwala kuti ameze mankhwala.

Mkulu uja anawerama pafupi ndi mpanda, naponya mkono. Udzu unagwa. Anaponyanso, unagwanso.

"Basi yamadzulo ija," anatero osadzutsa mutu, "wasungitsamo mipando ingati?"

"Umodzi, bambo. Koma mwezi wamawa ndibweranso, ndidzayendera mpaka kuseri kwa khola."

"Ubwere ndi ng'ombe."

Namwino anapinda manja a bulauzi, nayambira kuchimbudzi. Bambo ake anayambira kumpanda, udzu ukugwera uku ndi uku, kanjira kakutseguka pang'onopang'ono pakati pawo.