Nyemba za M'botolo la Amayi

Amuna anga ndi telala, ndipo anzawo amawatchula a Singano. Chifukwa chake musafunse, mukadzawaona mudzamvetsa. Tsiku lina anachita chizungulire ali pa makina, mpaka anasoka mwendo wa buluku la munthu n'kuutseka kumapeto ngati thumba. Kuchipatala nesi anawauza kuti magazi achepa.

"Nyama ikavuta, muzidya nyemba, mtedza, soya ndi nthanga za maungu," anatero nesiyo. "Muli mapuloteni ambiri. Zina mukazimeretsa pang'ono musanaphike, mavitamini amawonjezereka."

Basi, m'nyumba mwathu munayamba mpingo watsopano, abusa ake a Singano. Dzungu sitinkaligulanso chifukwa cha dzungu, koma nthanga. Kasitomala wobwera kudzayeza diresi ankabwerera atamva ulaliki wa soya. M'thumba la shati munkakhala mtedza pamodzi ndi choko ndi mabatani, moti tsiku lina anatafuna batani. Ndinkawaseka, komabe mumtima ndinkasangalala, chifukwa masaya anayamba kubwerera.

Nthawi imeneyo amayi anga ankakhala nafe. Anabwera bambo atamwalira, atanyamula chikwama chimodzi ndi botolo la nyemba zamawangamawanga. Bambo ndi amene ankazisankha chaka ndi chaka, ndipo munda wawo utapita kwa ena, mbewu yawo inatsala ya m'botolomo yokha. Linkakhala mu kabati, kuseri kwa makapu a alendo. Aneba anawapatsa amayi kamalo kumbuyo kwa nyumba, koma mvula inagwa n'kutha, inagwanso n'kutha, iwo osadzala. Ndikawafunsa ankangoti dothi la kuno silabwino. A Singano nkhani ya botoloyi anaimva kangapo, kungoti khutu la telala limasunga miyezo yokha.

Loweruka lina ine ndi amayi tikuchokera kumsika, tinapeza madzi akuwira m'poto, a Singano ataima pakhomo la khitchini akumwetulira mano onse pamtunda. M'manja anali ndi beseni lovundikira ndi zigamba zonyowa. Kunapezeka kuti linkabisala pansi pa tebulo lodulirapo nsalu.

"Lero mudya mavitamini enieni," anatero akuvundukula.

Mtima wanga unangoti phwii. M'besenimo munali nyemba zamawangamawanga, zotupa, iliyonse itatulutsa kamchira koyera.

"Mwazitenga kuti?" ndinafunsa, ngakhale yankho ndinkalidziwa.

"Mu kabati. Zimangokhala, ndiye ndinati zingafumbwe..."

Anayang'ana nkhope yanga, kenako ya amayi. Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Ine ndinapsa mtima mpaka m'makutu munatentha. Nyemba yomera siibwereranso m'botolo, ndipo kunja dzuwa linali likuswa mtengo, mvula ili kutali.

Amayi anaika pansi dengu lawo. Anachotsa poto pamoto, n'kulandira beseni lija ndi manja awiri. Anakhala pa mpando, n'kuyamba kuzitembenuza ndi chala pang'onopang'ono.

"Apongozi," anatero osadzutsa mutu, "mwaviika zonse?"

"Zonse, amayi. Pepani kwambiri. Ndikaguliratu zina mawa."

"Zina ziti? Khalani chete. Muli ndi ndowa zingati m'nyumba muno?"

Madzulo amenewo ndowa yochapira inabooledwa pansi ndi msomali. Zitini za utoto, chigubu chodula pakati, ngakhale dirowa ya makina akale, zonse zinandandalikidwa pakhonde. A Singano ankatuta dothi ndi wilibala ya aneba, akudzandira uku ndi uku, thukuta kamukamu, osadandaula ngakhale pang'ono. Amayi ankawalamula ngati kapitawo: apa thirani, apo chepetsani, manyowa ali kuti?

Ndinagwada pambali pawo kuti ndiwathandize, mkwiyo usanandithere.

"Amayi, bwanji simukuwakalipira? Akanaziphikatu."

Anaboola dothi ndi chala, n'kuikamo nyemba imodzi, kamchira kuloza pansi. Apo m'pamene ndinaona kuti akulira, ngakhale pakamwa pankaseka.

"Mwanawe, dothi la kuno lilibe vuto," anatero. "Ine ndimaopa. Ndimati ndikadzala, zikapanda kumera, ndiye kuti bambo ako ndawaika m'manda kawiri. Taona, zonse zili moyo. Tandipatsira ina."